Chofukizira cha Kakowa

Dzina lake lenileni linkatitsamwa ngati munga wa mlamba,
choncho tinamutcha Kakowa:
woyera, wamiyendo yaitali,
woima njo m'matope a Ndindi
kudikira nsomba imene ife sitinkaiona.

Ine Nsingano, mwana wa Chathyoka,
ndinamupalasira bwato mvula zisanu ndi imodzi.
Ankati kwawo kuli mfumukazi yovala zakuda,
nyumba zamiyala zosanza utsi usiku ndi usana,
ndi akuluakulu amene anamuimba mlandu
chifukwa choyatsa makandulo dzuwa likuswa mtengo
ndi kufukiza lubani paguwa.
Ndinaseka mpaka nkhafi inagwera m'madzi.
Mlandu wa utsi,
kwa anthu opuma utsi!

Bishopu, ankatero anyamata ake, akugwada.
Ine ndinaona munthu wosadziwa kukhala m'bwato,
wotupa mapazi, wosweka milomo,
wonena kuti mtengo pofuna kunena mtembo.
Mkwiyo anali nawo, ndisakunamizeni.
Tsiku lina anandikalipira pa gulu
chifukwa cha chipanda cha uchema;
usiku anabwera, nyali m'manja,
nagwada pakhomo panga mbuzi zikuonerera.
Ndinasowa poika maso.

Chaka chimene mapira anapsa asanamasule,
tikudumphira m'dambo kuzula nyika pakati pa ng'ona,
iyenso analowa, mkanjo atakwinyira m'chiuno,
misundu itamukanirira m'miyendo.
Anazula zinayi zokha tsiku lonse
nazipereka kwa Nyakutepa, wakhate uja
amene ngakhale agalu ankamulambalala.
Mphete yake yamwala wofiirira inapita ndi amalonda amfuti;
m'malo mwake munatsala ana atatu
okhala ndi zipsera za goli m'khosi.
Ndinamuuza kuti amubera:
amalondawo adzabweranso, atadziwa msika.
Anabweradi.
Iye analira, navula nsapato, nagulitsanso.

Katatu anandifunsa za madzi a ubatizo.
Katatu ndinati, Ambuye, ine madzi ndimakhalamo kale,
ndipo mizimu ya kwathu sinandilakwire.
Sanandichotse ntchito.
Ankangoika dzanja pamutu panga,
dzanja lotentha ngati mchenga wa mwezi wa khumi.

Nthomba itagwa kutsidya
mabwato onse anamangidwa.
Anati, Nsingano, ndiwolotse, usatsike.
Masiku khumi ndi awiri ndinkaona kautsi kake
kakuyenda khomo ndi khomo m'migwalangwa,
ndi kabelu kakulira m'mawa, ngili, ngili,
mpaka m'mawa wina kanakhala chete.
Si nthomba inamutenga ayi;
malungo wamba, a udzudzu wathu womwewu.
Mankhwala owawa aja anali atagawa onse.

Ndinatsika.
Ndinamupeza pamphasa ya eni ake,
akulankhula ndi mayi wake m'chilankhulo cha kwawo,
kenaka m'chathu, molakwitsa monga kale.
Mkanjo wofiirira anali ataung'amba kale
kukulungira mitembo ya makanda,
choncho tinamukulunga m'bango
monga tichitira ndi msodzi aliyense.

Manda ake Shire anadya chaka chachitatu.
Azungu anabwera ndi mtanda wachitsulo,
ndinawalozera pakati pa mtsinje
pamene mvuu inkayasamula.
Analemba m'buku, nabwerera.

Chofukizira chake ndili nacho.
Lubani anatha kalekale;
ndimaikamo ndowe zouma ndi makala awiri,
ndi kuchigwedeza pa unyolo wake madzulo
kuingitsa udzudzu pamene pagona adzukulu.
Aphunzitsi a mishoni akuti ndi tchimo.
Kapena.
Koma utsi ukamakwera mowongoka, mphepo itagona,
ndimamva bwato likupendekeka pang'ono
monga linkachitira akakwera munthu wamtali uja
amene sanaphunzire konse kukhala pakati.