Kuseri kwa Depoti

Ndimakonza mafoni kuseri kwa depoti ya Kasungu:
kabenchi kamodzi, ambulera yothothoka,
timasikuluu m'chitini cha mkaka.
Anthu amandisiyira mafoni ngati wosiya mwana kwa aneba.
"Nambala yotsegulira ndi chaka chobadwa, achimwene,
ndidzera pompano ndikagula feteleza."

Lachiwiri lina, dzuwa la Okutobala likuwamba malata,
a Nankhoma, namwino wa ku wodi ya ana,
anandipatsa yawo, galasi litang'aluka ngati dambo louma.
Anali asanavule duku lakuda.
Anati, "Zina zonse zifufutike, palibe kanthu,
koma umo muli mawu a Zione."
Ndinati ndisamala.

Madzulo ake kunabwera Fanuel,
kabuku m'thumba la shati,
nsapato zitamwa fumbi la ku Chinkhoma.
Anandigulira chakumwa chozizira.
Anati tauni yonse ikufunsa chimene mtsikana uja anamwera tameki.
Anati abwana ake amanena kuti nyuzi yopanda misozi siyenda malonda.
Anati mphindi zisanu zokha.
Ndalamazo zinali zatsopano, zomatana, zikwi makumi atatu,
ndipo landilodi anali atagogoda kawiri sabata imeneyo.
Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni,
ndikungotchula zomwe zinali pabenchi.

Kachingwe kolumikizira kanali kanga.
Mawu a mwana wakufa anayenda mu waya wa mkono umodzi
osakuwa n'komwe.

Loweruka anatulukira pa tsamba loyamba:
"Amayi, musandikwiyire,"
zilembo zake zonenepa kuposa dzina la nyuziyo.
Oitanira minibasi ankawerengerana mokweza, akusinthasintha mawu.
Pofika Lachitatu tsamba lomwelo linali pa chiwaya
akukulungira tchipisi,
mafuta ataboola nkhope ya Zione.

A Nankhoma anabwera kudzatenga foni.
Sanatukwane.
Analipira ya galasi, nawerenga chenji,
kenaka anafunsa,
"Inuyo, munamvetsera mpaka kumapeto?"
Ndinayang'ana m'chitini cha masikuluu.

Mlandu utabwera unatigawira aliyense chake.
Fanuel anamuchotsa ntchito pa meseji,
pano akupalasa kabaza ku Santhe.
Mkonzi anapepesa pa tsamba lachisanu ndi chinayi,
mizere inayi,
kunsi kwa malonda a mbewu ya soya.
Ine ndinagona masiku khumi ndi limodzi m'chitokosi,
mutu pafupi ndi ndowa.
Koma a Kapatuka,
eni makina osindikizira,
eni esiteti ya fodya njira ya ku Mtunthama,
anauza khoti kudzera mwa loya wa tayi yofiira
kuti iwo nyuzi yawo saiwerenga,
ali ndi anthu owerengera.
Sabata imeneyo makina anasindikiza kawiri.
Ndalama zake zokha ndiye anawerenga okha.

Kwathu mbuzi ikalowa m'munda mwa eni
wolipira ndi mwini khola.
Kuno anamanga mbuzi, namanganso chingwe,
mwini khola n'kumuitana kukhala mlendo wolemekezeka
pa pepa sande.

Dzulo galimoto lawo linaima pompano, injini osazimitsa.
Dalaivala anatsitsa galasi pang'ono:
foni ya abwana siikulowa moto.
Nambala yotsegulira anandilembera pa kapepala
osandiyang'ana kumaso.
Sakundidziwa.
Sanamvepo dzina langa, ngakhale m'khoti muja.

Ndi iyi m'dzanja langa,
yolemera ngati njerwa yonyowa,
ikunjenjemera uthenga ukamalowa,
ikunjenjemeranso.
Vuto lake linali fumbi basi,
ndalitokosa ndi singano, yayamba kutchaja.
Nambala ya Fanuel ndikadali nayo.
Kachingwe kaja kali pa msomali pomwe paja.

Abwera kudzatenga mawa masana.
Kapepalako ndakapinda kanayi.
Sindinakatsegulenso,
komanso sindinakataye.