Chingwe cha pa Zenera

Liwayway wasambanso m'manja.
Ndi kachisanu ndi chiwiri, dzuwa lisanafike paliwombo.
Sopo wasanduka kachibenthu,
zala zachita ming'alu yofiira,
koma iye akuti, Ababa, ndinakhudza chitseko.

Zaka zisanu ndi chimodzi basi.
Dzino lakutsogolo linaguluka mu Epulo
ndipo palibe mnzake wakusukulu amene wauona mpatawo.

Kuno ku Tondo misewu sinkagona,
lero ana aletsedwa kuponda panja.
Ndimatuluka ndekha, chikalata cha chilolezo m'thumba,
kukasaka mpunga ndi nsomba zam'chitini.
Pobwera amandiimitsa pakhomo
ngati msilikali wa pa rodibuloko:
Vulani nsapato.
Mwapuma mpweya wa ndani?

Jipini yanga yaima pansi pa zenera miyezi inayi,
akavalo achitsulo a pa boneti agwidwa dzimbiri,
matayala aphwa.
M'menemo ndimo mogona amayi ake
akaweruka kuchipatala,
pa benchi pomwe anthu khumi ankathithikana.
Masitepe sakwera,
aopa kukwera ndi mlendo wosaoneka.
Chakudya timatsitsa pa chingwe, m'kadengu,
ndipo mbale ikabwerera mwana amaizemba
ngati galu woluma.

Usiku ndimamumva akuwerenga.
Si masamu a pa mapepala omwe aphunzitsi amatumiza.
Akuwerenga maambulansi.
Akuwerenga kutsokomola kwa a Eusebio kuseri kwa khoma,
katatu, kanayi,
kenako zii,
ndipo zii ameneyo ndiye amamuimitsa mtima.

Chidole chake wachiveka masiki
a kansalu kong'amba ku malaya anga.
Wachiika pakona, chayang'ana khoma,
akuti chatentha thupi, chikhale masiku khumi ndi anayi.
Ine ndinaseka. Ndinalakwa.
Anandiyang'ana ndi maso a munthu wamkulu
amene wauzidwa kale za maliro.

M'mimba mukupweteka, amatero m'mawa uliwonse.
Ndimagwira pamphumi, pali pozizira.
Nkhawa ilibe mankhwala pa famase ya pakona,
ndipo ine, amene ndimadziwa njira zonse zachidule za Manila,
pano ndasochera m'chipinda chimodzi.

Dzulo ndinamasula kadengu, chingwe chinatsala.
Nsonga imodzi ndinamanga pa dzanja lake,
ina ndinaiponya pansi kwa Perlita.
Ukadzidzimuka, koka kamodzi.
Akakoka kawiri, ndiye kuti alipo, akupuma.

Anachiyang'ana nthawi yaitali.
Ababa, kodi kachilombo sikangakwere chingwe?

Ndinati ayi.
Ndinanena mwamphamvu, monga ndinkaitanira okwera,
ngakhale m'khosi munali mouma.

Pakati pa usiku mvula inayamba pa malata.
Ndinamva mphasa ikuchita tswatswa,
kampweya kogwidwa, kenako chingwe chinakungika.
Kudikira.
Njinga yamoto inadutsa patali.
Kudikirabe.
Perlita wagwira ntchito maola khumi ndi asanu ndi limodzi,
tulo take ndi mwala.
Ndinayamba kutambasula dzanja mumdima
kuti ndikoke ine, ndimunamize.

Chingwe chinagwedera chokha.
Kamodzi.
Kawiri.

Mwana sanalankhule.
Anatembenukira kukhoma, dzanja lili pa zenera,
mpaka mpweya wake unatalika.

M'mawa, tikutsitsa khofi ndi mkate,
anaponyamo kabokosi ka machesi.
M'katimo munali dzino lija.
Akuti amayi alione,
koma asaiwale kusamba m'manja.