Chongani Bokosi Limodzi Lokha

Folo koloko m'mawa pa depoti ya mabasi ku Curitiba,
chifunga chikadali mbuu pa magalasi,
ndinafika ndi mapepala mazana awiri
ndi mapensulo amene ndinasongola ndekha usiku.
Madalaivala ankauzira khofi m'timakapu ta pulasitiki
akundiyang'ana ngati wokhometsa msonkho.

Funso lachitatu:
Kodi bwana wanu amawadziwa mavuto anu?
Wani, ayi ndithu. Faifi, kwabasi.
Chongani bokosi limodzi lokha.

Odair anachonga awiri.
Ndinamuuza kuti kompyuta sidzalola,
iye anati kompyutayo sinagwirepo ntchito pansi pa Valdecir:
Lolemba amakulalatira pa gulu chifukwa cha mphindi zitatu,
Lachinayi, mkazi wako atagonekedwa m'chipatala,
umangopeza dzina lako lafufutidwa pa ndandanda ya usiku,
basi yako wayendetsa yekha, osanena kanthu.
Ndiye ndichonge pati, mayi wa ku yunivesite?

Neusa anapereka faifi yekhayekha, tsamba lonse,
osawerenga n'komwe.
Potuluka anandinong'oneza:
mwati mayina sadzaoneka,
koma mwafunsa ngati ndili wamkazi,
ndipo mkazi woyendetsa basi yaitali pano ndi mmodzi.

Mabuku anga amati mtsogoleri aliyense
ali ndi a m'kati ndi a kunja.
Ndinawerenga zimenezo zaka zinayi.
Jurandir anandionetsa ndi chibwano chabe:
onani amene apatsidwa mabasi atsopano,
kenako muone amene akukankha giya ndi manja awiri.

Valdecir mwiniwake ananditsekereza pa geti,
makiyi ali ngwerengwere m'chiuno,
maso ali psuu, wosagona.
Akuti chiyani za ine?
Ndinati malamulo a kafukufuku sandilola.
Anaseka pang'ono, nakanda pa dazi.
Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndikudziwa,
koma palibe anandipatsa pepala lofunsa
za amene amandiimbira foni kuchokera kumtunda.

Miyezi iwiri ndinathira manambala m'makina.
Anatuluka osalala ngati matailosi:
ubale wa bwana ndi anthu ake, zitatu ndi theka.
Pa pepala panalibe bokosi la zitatu ndi theka.
Palibe dalaivala anakhalapo m'menemo.
La Odair ndinalilemba kuti lowonongeka,
monga ndinaphunzitsidwira,
ndinaliika m'dirowa pamodzi ndi malisiti a lendi.

Tsopano ndi sabata la khumi ndi chimodzi
Pulofesa Stocchero osayankha za chaputala changa.
Ndikakumana nawo pa masitepe amati mawa, mawa,
maso ali pa wotchi.
Dzina lawo lidzatsogola pa nkhani
imene sanaiwerenge mpaka kumapeto.
Koma ndi omwewo, chaka chija thandizo langa la sukulu linaduka,
anagogoda zitseko zisanu ndi ziwiri
mpaka ina inatseguka,
ndipo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Dzulo usiku ndinatenga pepala lotsala.
Ndinalemba zaka zanga, ndinachonga kuti wamkazi.
Loyamba ndinadutsa, lachiwiri ndinadutsa.
Pa funso lachitatu pensulo inaima m'malere
mpaka tiyi anazizira.

M'mawa uno ndakwera basi yaitali ya ku Boqueirão.
Neusa anandiona pa kalilole, sanandipatse moni.
Anakhota pa ngodya yopanikizika ija
ndi anthu mazana awiri kumbuyo kwake,
ena akuwodzera, ena maso ali pa foni,
palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina lake,
onse akupendekera kumene iye wapendekera.

Ndinafuna kulemba zimenezo penapake
koma dzanja lina linali pa chitsulo,
lina litakumbatira chikwama.