Zolemba za Msonkhano wa Lachisanu

Tinakumana asanu ndi awiri
m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya zitsulo,
magetsi atathima, zenera lotsegula,
mabelu a njinga za ku Kapata akulowa osagogoda.
Mlembi ndine, cholembera ndi chobwereka.

Opepesa: Mayi Shawa ali ku Lundazi
pa mlandu wa ng'ombe zitatu
zomwe tsopano zakwana zisanu, mlandu usanayambe.
Bambo Njobvu sadzapepesanso.
Tinaimirira mphindi imodzi.
Mkanjo wawo wakuda ukadali pa msomali,
m'thumba muli tikiti ya basi ndi kapepala ka mayina anayi
a anthu amene sanauzidwe
kuti loya wawo tinamuika m'manda Loweruka.

Nkhani yoyamba: ndalama za umembala.
Msungichuma anawerenga mayina,
ife tinawerenga malata a denga.
Wina anati womuimira wake wa mwezi uno
analipira nkhuku ziwiri ndi thumba la nshawa.
Tinafunsa ngati bungwe lili ndi khola.
Nkhaniyi yadikira msonkhano wotsatira.

Nkhani yachiwiri: Yotamu Daka wa ku Navutika,
miyezi khumi ndi isanu ndi inayi ku Namuseche,
osazengedwa, osamasulidwa,
chifukwa cha matumba awiri a feteleza.
Doketi yake inapita ku Lusaka kukapempha malangizo.
A ku Lusaka akuti inabwerera kalekale.
Kapena inatsika pa mlatho wa Luangwa kukagula nsomba.
Akanavomera tsiku loyamba
bwenzi pano akupalira munda wake,
koma anakana, poti sanabe.
Belo anampatsa, inde,
bola abweretse omuikira kumbuyo awiri ogwira ntchito m'boma,
ndipo pa abale ake onse
amene anayandikirako boma
ndi mlamu wake wosesa pachipatala, waganyu.

Mayi Miti anakweza dzanja pa za womasulira.
Nkhalamba ina ku Petauke inati ndinatola,
m'buku la woweruza munalowa ndinaba.
Pakati pa mawu awiriwo pali zaka zitatu.
Tinagwirizana kulemba kalata.
Ikhala yachinayi.

Zina ndi zina.
Gelesomu Soko, wamng'ono mwa ife,
nsapato zake zikadali zolira,
anati pamaliro ku Chadiza azakhali ake anamukoka jekete:
Tinagulitsa mbuzi zonse zija kuti uzitsuka mbava?
Iye sanayankhe.
Anafuna kudziwa kuti ife akale timayankha chiyani.

Kunja munthu ankatsatsa makala.

Mayi Miti, akupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje:
Ine sindiyankha. Ndimangowapatsa nambala yanga.
Azakhali otere amaimba foni tambala asanalire,
galimoto ya apolisi itangochoka pakhomo,
ndipo usiku umenewo sanena kuti mbava,
amati mwana wanga.

Wapampando anawonjeza, osakweza mutu,
kuti si onse ali ngati Yotamu.
Alipo amene anachitadi,
ndipo timadziwa, ndipo tulo tathu ndi tochepa.
Alipo mayi amene ndimamupewa pamsika
chifukwa ndinafunsa mwana wake mafunso mpaka analira.
Komabe, anatero, wina ayenera kuima pafupi ndi sikelo
kuyang'ana chala cha woyeza.

Izi sindinadziwe pozilemba.
Ndaziika m'mphepete, ndi zilembo zazing'ono.

Pomaliza tinatsitsa mkanjo uja pa msomali
n'kugawana mayina anayi ngati ndiwo zoperewera.
Ine ndinatsalira lomaliza,
limene thukuta linadya theka:
Tisa, kapena Tiza, kenako banga la inki.
Palibe nambala ya mlandu, palibe mudzi.

Msonkhano unatha magetsi asanabwere.
Lolemba ndilawirira ku Namuseche,
ndikaima pa waya nthawi yowerenga akaidi,
ndikaitana theka la dzina
n'kuona amene atembenuke.