Usafufute Chifuwacho

Matepi tinawapeza m'bokosi la nsapato,
kuseri kwa matayala akutha, ku Sudbury,
chipale chofewa chitatseka khomo la galaja.
Delmer n'kuti atagona kumanda miyezi isanu ndi inayi.

Mu situdiyo Arvo anaimba ng'oma
kutsatira munthu amene sangacheukenso
kumuuza kuti wathamanga.

Nyimbo yachisanu ndi ya mlonda wa pamgodi
amene ankalembera makalata mkazi wa mnzake
n'kumawabisa m'chisoti.
Ili pakati, Delmer akutsokomola,
akuseka, akuti, "Ndiyambirenso."
Sanayambirenso.

Injiniya anati adule pamenepo.
Noreen anamgwira dzanja:
"Zaka makumi atatu chifuwachi chakhala chikundidzutsa.
Kakonzeni gitalayo."

Za mlonda uja, mpaka lero sitidziwa
ngati anatumizako ngakhale imodzi.