Musasinthe Kanthu

Pepala lafika kuchokera ku Tete pa njinga yamoto,
lodindidwa kawiri, lonyowa pangodya.
Akuti posito ya apolisi ya pano pa Kamphenga
yalowa m'kaundula wa nyumba zakale zosayenera kugumulidwa,
ndipo ine Anastaziyo, mmisiri wa njerwa,
ndimate ming'alu, ndipake njereza,
koma ndisasinthe kanthu.

Mayi Ludovina, eni pepalalo, anabwera ndi tepi yoyezera.
Anayeza khonde, nawerenga nsanamira zisanu ndi imodzi,
zonenepa kunsi ngati mlambe,
masitepe asanu a mwala wa m'phiri.
Anasisita chitseko cha mbawa nati,
"Taonani mauta atatuwa mmene anapindikira.
Amene anamanga apa anali ndi diso."
Ndinangovomera. Diso analidi nalo, limodzi.
Linalo linadyedwa ndi laimu
chaka chomwe asipayo anamutengera ku chibalo.
Anali atate a atate anga.

Khomali nlochindikala kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala.
Mu Okutobala, nkhuku zitayasama panja,
muno mumazizira ngati mumtsuko.
Wojambula nyumbayi ankalidziwa dzuwa lathu:
mazenera akutsogolo ngaatali ngati munthu woimirira,
kuti mphepo yotsika ku Furankungo
izifika pa tebulo la shefe isanatope.
Kuseri nako ankakudziwa.
Kalaboso ili ndi kazenera kamodzi m'mwamba,
kokwana nkhope ya mwana,
ndi zitsulo zitatu zodula thambo m'zidutswa zinayi.

Zitseko zilipo ziwiri.
Masitepe akutsogolo agogo anayala ndi manja awo,
koma phazi lawo silinapondepo.
Ankalowera kuseri, chipewa chili m'manja,
pakhomo lalifupi loti uwerame ngakhale usakufuna.
Mayi Ludovina analemba kuti: khomo la antchito, mita imodzi ndi theka.

Pakhoma la kum'mawa pali zibowo khumi ndi chimodzi.
Za nkhondo yoyamba kapena yachiwiri, sitigwirizana;
aliyense pano ali ndi chaka chake.
Mavu anamangamo kale.
Ndinafunsa, "Izi nditseke?"
Anaimba foni, nayenda uku ndi uku pansi pa mango kufuna netiweki,
nabwera nati zisiyeni, ndi mbiri.
Nanga mphete yachitsulo ili pansi m'kalabosomo?
Mbiri.
Nanga timizere tokanda ndi msomali, magulu asanuasanu,
tolekezera pa makumi anayi ndi katatu?
Pamenepo sanayankhe msanga.

Lero m'chipinda cha shefe mumakhala Sajeni Belarimino,
akulemba za mbuzi ya kwa Chadzunda yomwe yasowanso.
Mileme imamuthira ndowe pa kaundula, iye amangopukuta.
Mvula ikagwa, amayi ogulitsa kachewere
amakwera masitepe asanu aja ndi mabeseni awo osapempha,
nadzaza khonde lonse,
ana akupikisana kukumbatira nsanamira, manja osakumana.
Anamzeze nawo ali ndi posito yawo pansi pa denga.
Za iwowa pepala silinanene.

Dzulo ndikupala pulasitala wakufa kuseri kwa thanki ya madzi
ndinapeza njerwa yokhala ndi zala zinayi,
zodindidwa dothi likadali lofewa.
Ndinaikamo zanga. Chapakati chinakwana ndendende.
Sindikuti ndi zawo; oumba anali ambiri,
ena a ku Domwe, ena sanabwerere kwawo.
Ndinakhala pansi mpaka matope anandiumira m'beseni.

Pa chikwangwani chomwe chikubwera padzakhala chaka,
ndi dzina la injiniya wa kutsidya kwa nyanja.
Mzere wa omanga ulibe kanthu, ndinauona.

Choncho madzulo ano, Sajeni atapita kukasamba,
ndakwera makwerero kuseri, pansi pa mtanda wa denga,
pomwe tepi siifika.
Pa pulasitala wamuwisi, ndi msomali wa mainchesi atatu,
ndalemba pang'onopang'ono: Sumbulero.
Laimu akauma aziwerenga anamzeze okha.
Mawa ndikauza Mayi Ludovina kuti ntchito yatha,
ndipo akandifunsa ngati ndasintha kanthu
ndidzaloza denga, ndidzaloza khonde,
ndidzati yezani.