Nambala 93

Ndimachapa mayunifomu kuno ku Cleveland,
ndiye anthu ndimawadziwira pa thukuta.
Tavarus Oglesby ndinamudziwira pa mapewa a jezi,
ong'ambika Lamulungu lililonse
ngati agalu awiri amalimbirana.

Anachokera ku Demopolis ndi chikwama chimodzi
ndi nsapato zoti khanda lingagonemo.
Tsiku losankha osewera, dzina lake linatchulidwa kumapeto,
anthu atazimitsa kale kanema.
Sikelo inati mapaundi mazana atatu ndi makumi awiri.
Kochi Brzezinski anangoti: Iwe, pakati. Usasunthe.

Ntchito inali yomweyo.
Kuwerama, dzanja limodzi m'kapinga,
mphuno pa mpira,
kudikira kuti uthawire kumbuyo pakati pa miyendo ya mdani,
kenako phwaa! zisoti.
Amuna awiri pa iye yekha,
kuti wina wopepuka miyendo adutse pampata,
akagwetse woponya mpira, akavinire kamera.
Wokumba chitsime sajambulidwa.
Amajambulidwa wotunga.

Zaka zisanu ndi zinayi.
Lolemba lililonse mu mgolo wa ayezi mpaka m'khosi,
akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kwa amayi ake,
dokotala akupopa madzi achikasu m'bondo.
Zala zinapotoka, chilichonse kuloza kwake,
mpaka mphete ya ukwati
Shontelle anamuveka m'khosi, pa tcheni.

Kamodzi kokha, mu Disembala, chipale chikugwa,
mpira unapulumuka n'kugwera m'manja mwake.
Anauyang'ana ngati mwana wa eni.
Kenako anathamanga. Ambuye, anathamanga!
Mayadi khumi ndi limodzi, dziko likugwedezeka,
asanamukwere anthu anayi.
Sitediyamu yonse inaphunzira dzina lake madzulo amenewo,
n'kuliiwala pofika Lachitatu.
Anandipempha kuti jezi imeneyo ndisaichape.
Ndinaichapa. Lamulo ndi lamulo.
Mpaka lero zimandiwawa.

Mu Ogasiti wina kunabwera kamnyamata ka taye:
Akukufunani kumwamba, mutenge ndi buku la timu.
Aliyense amadziwa tanthauzo lake.
Potsika anadzera kuno kumakina,
chammbali, sitepe imodzi imodzi,
nandisiyira sopo wake ndi madola makumi asanu.
Usiku ndinasosola dzina pamsana pa jezi,
ulusi umodzi umodzi,
m'mawa n'kusokapo la Faleolo, mwana wa ku Utah
wa mawondo atsopano.

Pano amayendetsa basi ya sukulu kwawo.
Amandiimbira foni nyengo ya mpira ikayamba.
Amafunsa za mkazi wanga, ndimamuyankha.
Timakamba za mvula, za mtengo wa mafuta,
kenako amafunsanso za mkazi wanga,
ndimamuyankhanso
ngati ndi koyamba.

Makina akuzungulira kumbuyo kwanga.
Nambala 93 ikuonekera pagalasi, ikumira m'thovu,
ikuonekeranso.